MASIKU ATATU KU BEIRA: KUKAONA NYANJA IMENE ATATE ANKASIMBA

Ife amene tinabadwira kumapiri a Angónia timadziwa madzi a pachitsime, a kudambo ndi a mumtsinje. Ena amene ntchito inatitengera ku Tete tinazolowera kuona Zambezi m'mawa ndi madzulo pooloka mlatho. Koma nyanja yamchere, imene yatambalala m'mbali mwa dziko lathu lonse kuchokera ku Rovuma kufikira ku Ponta do Ouro, ambiri a ife timangoimva m'nkhani za anzathu. Ife amene tikulemba pano tinafika zaka 57 tisanaione. M'mwezi wa Seputembala chaka cha 2025 tinanyamuka tokha kupita ku Beira kwa masiku atatu, ndipo tafuna kukusimbirani zimene tinaona, pamodzi ndi cholakwa chimodzi chimene chikanatitayitsa moyo.

Chigoba cha atate

Atate athu anatsikira ku Beira m'chaka cha 1957, akali mnyamata, kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya zovala. Anakwera lole kufikira ku Moatize, ndipo kumeneko anakwera sitima ya pamtunda imene inkatsata Zambezi ndi kumuoloka pa mlatho wa Dona Ana, mlatho umene unatha kumangidwa m'chaka cha 1935, wautali kuposa makilomita atatu ndi theka. Anagwira ntchito yophika m'nyumba ya Mzungu wina ku Ponta Gêa zaka zisanu ndi ziwiri. Pobwerera kumudzi m'chaka cha 1964 anabwera ndi njinga, bokosi lachitsulo ndi chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja. Njinga inatha, bokosi linachita dzimbiri, koma chigobacho chinakhalabe pazenera. Madzulo ankatiitana ife ana mmodzimmodzi, kutiika chigoba pakhutu, n'kunena kuti: "Imvani, imeneyo ndiyo nyanja."

M'chaka cha 1986, nkhondo itafika kwathu, tinathawira ku Malawi monga anachitira anthu ambiri a ku Angónia, titangonyamula zofunda ndi miphika. Chigoba chinatsala pazenera. Titabwerako m'chaka cha 1993, mtendere utasainidwa chaka chapitacho, tinapeza bwinja lokhalokha. Atate sanadandaule za nyumba, pakuti nyumba imamangidwanso, koma kawirikawiri ankatiuza kuti: "Mwana wanga, ukadzayamba kulandira malipiro, udzandiperekeze ku Beira ndikaone nyanja kamodzi kokha." Ife tinkayankha kuti chaka chamawa. Chaka chimodzi panali feteleza woti tigule, chaka china malata, chaka china matenda a mwana. Atate anatisiya m'chaka cha 1998 lonjezolo lisanakwaniritsidwe.

Chimene chinatidzutsa patapita zaka zonsezi ndi funso la mwana wa sukulu. Timagwira ntchito ya uphunzitsi, ndipo tsiku lina tikuloza pa mapu pamene pali doko la Beira, kamtsikana kena kanaimika dzanja n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi inuyo nyanjayo munaionapo?" Tinachita manyazi, pakuti tinali titaphunzitsa za nyanjayo zaka zoposa makumi atatu. Tsiku lomwelo tinayamba kupatula kandalama mwezi ndi mwezi. Itakwana miyezi isanu, ndalamayo inali yokwanira munthu mmodzi yekha. Mayi a kunyumba anayamba akana. "Inu abambo, kuyenda awiri si mantha. Mukadwala kumeneko akusamalani ndani?" Koma atalingalira usiku wonse anati: "Pitani, mukaonere tonse. Chachikulu muziimba lamya m'mawa ndi madzulo."

Njira ya ku Beira

Tinasankha masiku amenewa chifukwa tsiku la 7 Seputembala, limene dziko limakumbukira pangano la ku Lusaka la chaka cha 1974, linagwa Lamlungu, motero Lolemba linali lopuma. Loweruka pa 6 tinakwera machimbombo nthawi ya 4 koloko m'bandakucha. Kuchokera ku Tete kukafika ku Beira ndi pafupifupi makilomita 600, ndipo wofuna mpando wabwino agule tikiti dzulo lake. Kunja kunacha tili m'dziko la milambe ndi mbuzi, chakufupi ndi Changara. Titaoloka mtsinje wa Luenha tinalowa m'chigawo cha Manica. Paliponse pamene galimoto inaima, ana ankathamangira pazenera ndi mabeseni a masau ouma, malambe ndi nyama yootcha. Titapitirira Guro dziko linayamba kubiriwira, ndipo pa Catandica tinaona mapiri a Choa atafunda nkhungu ngati mapiri a kwathu.

Pa Vanduzi msewu wa ku Tete umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku malire a Zimbabwe. Kuyambira pamenepo malole ndi osawerengeka, onyamula mafuta, feteleza ndi makontena, ena a manambala a ku Malawi, ena a ku Zambia, ena a ku Zimbabwe. Onsewo akupita kapena kuchokera ku doko limodzi. Tinadutsa Chimoio, kumene kuli phiri lokhala ngati nkhope ya nkhalamba yogona chagada, lotchedwa Cabeça do Velho. Titangopitirira Gondola tayala linaphulika, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango ola limodzi ndi theka. Amene anali ndi nthochi anagawira anzawo. Wokwera yekha amazindikira pamalo otere kuti sali yekha kwenikweni.

Kuchokera pa mphambano ya Inchope msewu umangotsika. Pambuyo pa Nhamatanda ndi Tica dziko limakhala lathyathyathya ngati lichero, lopanda ngakhale chulu choti diso lipumirepo. Ndi chigwa cha mtsinje wa Púnguè, cha mpunga ndi nzimbe. Mphepo yolowa pazenera inayamba kulemera ndi chinyezi, ndipo malaya anamatirira pamsana. Pa Dondo tinaona pamene njanji ya ku Sena imakumana ndi njanji ya ku Machipanda, ndipo tinakumbukira kuti atate anadutsa pomwepa ndi kabokosi kawo zaka 68 zapitazo.

Kuonana koyamba

Tinatsika ku Beira nthawi ya 3 koloko masana. Mzindawu uli ndi anthu oposa 500,000, ndipo zilankhulo zimene zimamveka kwambiri m'misewu ndi Chisena, Chindau ndi Chipwitikizi. Munthu wa Chichewa akatchera khutu bwino amatola mawu ambiri a Chisena. Tinadutsa pa msika wa Maquinino kukagula madzi akumwa, ndipo pamenepo tinaona matumba a kachewere ataunjikidwa. Titafunsa kumene amachokera, mayi wogulitsa anayankha kuti ku Angónia ndi ku Tsangano. Tinaseka tokha: mbatata ya m'minda ya kwathu inafika kunyanja kalekale, eni ake tikali kuzengereza.

Tinapeza chipinda m'kanyumba kogona alendo, kotchipa koma kaukhondo, kokhala ndi masikito pabedi. Titangoika chikwama tinaitana txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kamene kamanyamula anthu mumzindamo, n'kumuuza mnyamata woyendetsa kuti atitengere kunyanja. Anafunsa kuti mbali iti. Tinati paliponse pamene pali madzi. Iye anaseka, nati: "Papá, kodi ndi koyamba?" Tinavomera.

Tisananene zambiri, tiulule kuti poyamba tinakhumudwa pang'ono. Pa makalendala nyanja imakhala yobiriwira ngati thambo, koma ya ku Beira ndi yofiirira, chifukwa mitsinje ya Púnguè ndi Búzi imathiramo matope ake pafupi pomwepo. Komatu kukhumudwako sikunakhalitse. Inali nthawi imene madzi adzaza, ndipo mafunde ankamenya khoma la m'mbali mwa msewu mwaukali, kuwaza thovu mpaka pamapazi athu. Tinayang'ana kutsogolo kufuna tsidya lina, monga tinazolowera pa Zambezi, koma tsidya kunalibe. Tinatseka maso n'kumvetsera. Phokosolo linali lomwe lija la m'chigoba cha pazenera, kungoti tsopano linadzaza dziko lonse. Tinaviika chala n'kulawa, monga amachitira mwana. Kenaka tinaimbira mayi a kunyumba n'kuloza lamya kumafunde kuti nawonso amve.

Usiku umenewo tinadya nsima ndi camarão, tinyama ta m'nyanja tokhala ngati dzombe losenda, timene gombe la Sofala limatchuka nato. Mwini nyumba, bambo wachikulire, anakhala nafe pakhonde, ndipo titafunsa za matumba a mchenga ndi matayala amene tinaona pamadenga ambiri, anatisimbira za namondwe wa Idai. Namondweyo anagwa pa Beira usiku wa pa 14 Malichi chaka cha 2019. Malata ankauluka ngati mapepala, magetsi ndi lamya zinaduka, ndipo madzi atadula msewu waukulu mzinda unakhala masiku angapo wosafikika pamtunda. M'dziko lathu lokha anthu oposa 600 anamwalira. Ife tinamuuza kuti mvula ya namondwe yemweyo, asanakhwime n'kubwerera kunyanja, inayamba yasefukiza mtsinje wa Revúbuè ku Tete masiku ochepa m'mbuyo mwake, ndipo mtsinjewo umachokera kumapiri a kwathu. Mkuluyo anagwedeza mutu. Tinaona kuti mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, nthawi imeneyo unakwaniritsidwa m'sabata imodzi.

Cholakwa cha ku Macuti

Lamlungu, titatuluka m'mapemphero a m'mawa, tinakwera chapa kupita ku Macuti, kumapeto a mzinda chakum'mawa. Kumeneko kuli nsanja ya nyali yotsogolera zombo, yopakidwa mizere yofiira ndi yoyera, yotalika mamita 28, imene inamangidwa m'chaka cha 1904. Patsinde pake pali zitsulo za chombo chakale zimene dzimbiri ndi mchenga zikumaliza. Koma chimene chinatidabwitsa ndi chakuti nyanja ya dzulo ija kunalibe. Inali itathawira kutali, n'kusiya bwalo lalikulu la mchenga wonyowa, lonyezimira ndi dzuwa. Kutali uko amayi anali atawerama, akukumba nkhono zodya ndi kuponya m'zidebe.

Apa mpamene tinalakwa. Mumtima tinali ndi cholinga chimene sitinauze munthu aliyense: kupeza chigoba chonga cha atate. Pafupi ndi gombe panali tizigoba tating'ono tosweka, tsono tinaganiza kuti zazikulu zili kutsogolo. Tinavula nsapato, kupinda buluku, n'kuyamba kuyenda maso ali pansi. Tinaoloka kakhwawa kosaya kamene madzi ake sanafike n'komwe m'kakolo, n'kukwera pa mchenga wokwererapo kuseri kwake. Sitinafunse munthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife, aphunzitsi a zaka zambiri, tinaiwala zimene timauza ana.

Sitikudziwa kuti tinatha nthawi yotani tikutolatola ndi kutaya. Chimene chinatidzidzimutsa ndi mawu a mayi wina akufuula m'Chisena chosakaniza ndi Chipwitikizi, akukupiza nsalu m'mwamba. Titacheuka tinaona kuti amayi onse aja anyamuka kale, zidebe zili pamutu, ndipo kakhwawa kaja kasanduka mtsinje wothamanga pakati pa ife ndi gombe. Kutsogolo nyanja inkaoneka ikali patali ndithu, koma madzi anali atatizungulira chakumbuyo. Mayiyo anatula chidebe chake, nabwerera m'madzi kudzatichingamira. "Papá, musapite molunjika, pamenepo pali dzenje! Bwerani kuno, tsatani ine!" Anatigwira dzanja ngati mwana wake. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'chiuno, ndipo mchenga unkasungunuka pansi pa mapazi. Ife sitidziwa kusambira. Nsapato imodzi inapita ndi madzi, ndipo sitinaiyang'ane kawiri.

Titafika pouma miyendo inakana kutinyamula, ndipo tinakhala pansi. Mayiyo, amene anali wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, anatikalipira kolimba, ndipo anali ndi chifukwa. Anati mlendo asamapite kumene eni dziko akuchokako. Patangopita theka la ola, pamalo pamene tinaima paja panali mafunde okhaokha. Atatifunsa chimene tinkafuna kutali konseko, tinamufotokozera za atate ndi chigoba chawo. Sanayankhe kanthu. Anapisa dzanja pansi pa chidebe, natulutsa chigoba chopotana, chachikulu ngati nkhonya ya munthu, nachitsuka m'madzi, natipatsa. Tinafuna kumupatsa ndalama koma anakana. Tinangoti: "Takhuta," mawu amene kwathu timanena tikatha kudya, koma kwa Asena ndiwo kuthokoza. Iye anaseka, nasenza chidebe chake, napita. Dzina lake sitinafunse, ndipo mpaka lero zimatiwawa.

Tikufuna owerenga amvetse chimene chinachitika, kuti wina asadzabwereze. Nyanja yamchere siili ngati nyanja ya Niassa imene madzi ake amakhala pamalo amodzi tsiku lonse. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola asanu ndi limodzi kudzaza, maola asanu ndi limodzi kuphwa, chifukwa mwezi umakoka madzi a dziko lapansi, ndipo dzuwa limathandizako. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, mphamvu ziwirizo zimakokera pamzere umodzi, motero madzi amaphwa kwambiri ndi kudzazanso kwambiri. Ku Beira kusiyana kwake pa masiku otere kumatha kupitirira mamita asanu ndi limodzi, ndipo popeza gombe ndi lathyathyathya, madzi pobwerera amathamanga, kuyambira m'makhwawa. Tsiku limenelo mwezi unali wathunthu. Zonsezi tinkazidziwa za m'buku, koma sitinazikumbukire titaimirira pamchenga.

Ku Ponta Gêa

Masana, titagula patapata m'mbali mwa msewu ndi kusintha zovala, tinapita ku Ponta Gêa kukafuna nyumba imene atate ankagwiramo ntchito. Zimene tinkadziwa ndi zakuti inali ndi mtengo wa mango kuseri ndipo inali pafupi ndi hotela yaikulu. Koma maina a misewu anasintha dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1975, ndipo nyumba iliyonse yakale kumeneko ili ndi mtengo wa mango kuseri. Tinayenda misewu inayi, tikusuzumira m'mipanda, mpaka tinavomera kuti sitidzaipeza. Komabe tinadziwa kuti mapazi awo anaponda misewu yomweyo popita kumsika m'mawa, ndi pothamangira kunyumba madzulo, pakuti ankati masiku amenewo munthu wakuda akapezeka mumsewu usiku wopanda chikalata cha bwana wake ankagona kupolisi.

Hotela yaikuluyo, Grande Hotel, ndiyo sisowa. Inatsegulidwa pakati pa zaka za m'ma 1950 monga malo a alendo olemera, yokhala ndi masitepe otambalala ndi dziwe lalikulu losambiramo, koma alendo sanabwere monga eni ake ankayembekezera, ndipo inatsekedwa m'chaka cha 1963. Atate anaiona ikuwala magetsi usiku, ali kunja kwa mpanda. M'zaka za nkhondo anthu othawa kumidzi analowamo, ndipo lero mukukhala anthu oposa chikwi, ena obadwira momwemo ndi kuberekera momwemo. Magalasi, zitseko ndi matabwa a pansi zinachotsedwa kale. Mitengo yamera pamakhonde a m'mwamba, mizu yake ikung'amba makoma. Pakhomo amayi amagulitsa tomato, makala ndi nsomba zouma.

Sitinalowe mwachisawawa, pakuti ndi mudzi wa anthu, ndipo mudzi uli ndi akuluakulu ake. Tinapereka moni, n'kupempha, ndipo mnyamata wina anatiperekeza kufikira pa masitepe aakulu. Ana ankatsetsereka pamenepo akuseka. Sitinajambule chithunzi. Tinangoima kanthawi, tikulingalira kuti nyumba imene inamangidwira anthu owerengeka inawatumikira zaka zosakwana khumi, pamene osauka amene sankaloledwa kufika pakhomo pake yawasunga zaka makumi anayi, ngakhale mopanda madzi a m'mipope ndi mowopsa kwa ana. Mnyamatayo anatifunsa ngati tachokera ku bungwe lina lothandiza. Titati ayi, ndife mwana wa munthu amene ankaphika m'nyumba ina chapafupi pano, anatigwira chanza kachiwiri.

Pobwerera tinadutsa pa tchalitchi chachikulu cha Akatolika, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1925, ndipo ina mwa miyala yake inatengedwa ku linga lakale la Sofala limene Apwitikizi anayamba kumanga m'chaka cha 1505. Beira weniweniyo ndi mzinda wa posachedwa poyerekeza ndi Sofala kapena Tete. Unayamba ngati kamsasa ka asilikali m'chaka cha 1887, unatchedwa dzina la udindo wa mwana wa mfumu ya ku Portugal, ndipo kufikira chaka cha 1942 unkalamulidwa ndi kampani, Companhia de Moçambique. Unamangidwa padambo, m'malo ena motsika kuposa pamene madzi a nyanja amafika akadzaza, chifukwa chofuna doko ndi njanji. Tinaona kamtsinje ka Chiveve kamene kamadutsa pakati pa mzinda, kamene anakakonza ndi kukaikira chitseko cha madzi kuti mvula ikagwa madzi azitulukira kunyanja. Tinaonanso siteshoni ya sitima, nyumba yaitali ya chaka cha 1966 yokhala ndi denga lopindika ngati uta. Atate sanaione imeneyo, pakuti anachoka isanathe.

Mwezi wofiira

Madzulo tinabwerera ku Macuti, titapangana ndi mnyamata wa txopela uja kuti adzatitenge 9 koloko. Wailesi inali italengeza kuti usiku umenewo kukhala kadamsana wa mwezi, ndipo anthu ambiri anasonkhana m'mbali mwa gombe, mabanja ndi ana awo, ena akumwa madzi a kokonati wanthete amene kumeneko amati lanho. Ife tinakhala pamchenga wouma, kumtunda kwenikweni, pafupi ndi anthu. Phunziro la m'mawa linali litalowa.

Mwezi unatuluka m'madzi dzuwa likulowa, waukulu ndi woyera, n'kuyala njira yowala pamwamba pa nyanja. Itatsala pang'ono kukwana hafu pasiti sikisi, mbali imodzi inayamba kudyeka. Mthunzi unakwera pang'onopang'ono kwa ola lathunthu, ndipo pofika hafu pasiti seveni mwezi wonse unasanduka wofiira ngati khala lozilala. Njira yowala ija inazimirira, nyenyezi zinachuluka, ndipo ana amene ankasewera anakhala chete. Unakhala wotero kwa ola limodzi ndi mphindi zoposa makumi awiri. Mwana wina amene anakhala pafupi nafe anafunsa amayi ake ngati mwezi wafa. Uphunzitsi unatigwira, ndipo tinatola lalanje, kokonati ndi tochi ya lamya n'kumuonetsa mmene dziko limaimira pakati pa dzuwa ndi mwezi. Pofotokozapo mpamene tinazindikira kuti mzere womwewo wa dzuwa, dziko ndi mwezi, umene unatipatsa chodabwitsa cha usikuwo, ndi umene unakokera madzi kutali m'mawa uja ndi kuwabweza mwaukali.

Tinaimbira kunyumba. Mayi anati nawonso ali pabwalo ndi adzukulu, akuyang'ana mwezi womwewo pamwamba pa Zambezi. Za nsapato yotayika tinawauza titafika.

Kwa amene angafune kupita

Lolemba pa 8 tinakweranso machimbombo m'bandakucha, ndipo dzuwa lisanalowe tinali titafika ku Tete. Masiku atatu ndi ochepa, ndipo awiri mwa iwo amathera panjira, koma ndi okwanira kwa munthu wa ntchito amene sangapeze tchuthi chachitali. Kwa abale ndi alongo amene angafune kuyenda ulendo wotere, makamaka okha, tili ndi mawu ochepa. Nyamulani chiphaso chanu ndipo chikhale pathupi, osati m'chikwama chapadenga. Ndalama musaike malo amodzi. Zina zikhale m'lamya. Uzani a kunyumba dzina la malo amene mukugona. Gonani m'masikito, pakuti Beira ndi dambo ndipo udzudzu ndi wambiri. Miyezi yabwino ndi ya chilimwe chisanatenthe, kuyambira Meyi kufikira Seputembala. Kuyambira Disembala kufikira Malichi ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe. Panganani mtengo ndi woyendetsa txopela musanakwere. Musayende pagombe nokha usiku kumalo kopanda anthu. Koposa zonse, musanaponde mchenga wonyowa funsani asodzi kapena amayi okumba nkhono kuti madzi abwerera nthawi yanji, ndipo iwo akanyamuka, nanunso nyamukani.

Ena adzati ulendo wongokaona malo ndi kutaya ndalama, pamene kunyumba kuli zosowa zambiri. Ife sititsutsa kuti zosowa zilipo, pakuti ndi mawu omwewo amene tinkauza atate chaka ndi chaka mpaka tinawaika m'manda. Feteleza wa zaka zimenezo anatha, malata aja tinasinthanso, koma ulendo umene tinawamana sitingathe kuwabwezera. Ngati muli ndi kholo limene limatchulatchula malo ena amene likufuna kukaonanso, kaya ndi Beira, kaya ndi Quelimane, kaya ndi mudzi wa tsidya la malire, musadikire kuti zosowa zithe.

Lachiwiri m'mawa tinalowa m'kalasi ndi chigoba m'thumba. Tinaitana kamtsikana kaja kutsogolo n'kukauza kuti tsopano funso lake lili ndi yankho. Kenaka chigobacho chinayenda dzanja ndi dzanja, khutu ndi khutu, ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo phunziro la tsikulo linachedwa kuyamba. Lero chili pazenera la kunyumba kwathu, pamene adzukulu angathe kuchifikira. Tayambanso kupatula kandalama mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo uno tikusungira anthu awiri.